Kodi zida za m'masitolo akuluakulu n'zosalimba? Mafunso ndi mayankho

Pakati pa amisiri pali nkhani imene simatha. Akuti dirilo ya DeWalt yogula ku Home Depot ku America, Makita ya ku B&Q ku Britain, kapena Bosch ya ku Builders ku Joni, si yofanana ndi inzake ya dzina lomwelo yogula kwa ogulitsa zida za amisiri okhaokha. Akuti kunja n'chimodzimodzi, koma m'kati anadzazamo pulasitiki. Nkhaniyi imatikhudza chifukwa zida zambiri zimene abale athu amatumiza kumudzi, kapena kubwera nazo akamabwerera kuchokera kunja, amazigula m'masitolo omwewa, ndipo ndalama zake sizochepa.

Kodi ndi masitolo ati amenewa, ndipo anthu amawakayikira chifukwa chiyani?

Ndi masitolo aakulu ngati nyumba zosungiramo katundu, momwe mumapezeka simenti, penti, matabwa, mipope, mawaya ndi zida, zonse pansi pa denga limodzi. Ku America akuluakulu ndi Home Depot, imene inatsegula masitolo ake oyamba ku Atlanta mu 1979, ndi Lowe's, imene inayamba ngati kasitolo ka m'tauni ya North Wilkesboro mu 1921. Ku Britain kuli B&Q ndi Screwfix, onse a kampani ya Kingfisher. Ku South Africa kuli Builders ya kampani ya Massmart, komanso Leroy Merlin yochokera ku France.

Chikayikocho chimachokera pa mtengo. Munthu amaona dirilo yachikasu yolembedwa DeWalt, yokhala ndi mabatire awiri, chaja ndi chikwama chake, pa mtengo wosakwana theka la dirilo ina yachikasu ya DeWalt yomweyo imene anaona kwina. Amaganiza kuti penapake pali chinyengo, ndipo sakulakwa kufunsa.

Ndiye n'zoona kuti kampani imapanga chida chimodzi m'mitundu iwiri, cholimba cha amisiri ndi chofooka cha m'sitolo yaikulu?

Ayi, ngati nambala ya chidacho ndi imodzi. Tembenuzani dirilo muone kachikwangwani komatidwa m'mbali mwa mota kapena pansi pomwe palowa batire. Pamenepo pali zilembo ndi manambala, monga DCD996 pa DeWalt, DHP481 pa Makita, kapena GSB 13 RE pa Bosch. Nambala imeneyo ndiyo dzina lenileni la chidacho. Ndi imene okonza zida amayang'ana akamaitanitsa magiya, siwichi kapena mabulashi, ndipo buku la masipeya a nambala imodzi limakhala limodzi. Kampani ikanamaika magiya achitsulo mwina ndi apulasitiki mwina pansi pa nambala yomweyo, okonza zida akanamalandira masipeya osalowa, ndipo bodzalo likanaonekera msanga. Komanso kuyendetsa mizere iwiri m'fakitale, n'kumasiyanitsa makatoni ofanana kuti awa apite uku awo apite uko, kukanadya ndalama zambiri kuposa zimene akanapulumutsa pa giya imodzi.

Chimene chimachitikadi n'chakuti chida chimasinthidwa pakapita zaka. DeWalt imalemba pa kachikwangwani komweko kuti Type 1, Type 2 kapena Type 3, kusonyeza kuti m'kati munasinthidwa zina. Kusintha kumeneko kumatsata nthawi imene chidacho chinapangidwa, osati sitolo imene chikupita.

Nanga bwanji anthu ambiri amadandaula kuti zida zawo za m'masitolo amenewa zinafa msanga?

Apa ndiye pagona nkhani. Dzina limodzi limakhala ndi zida zambirimbiri, kuyambira za munthu wongofuna kukhoma mashelefu awiri pa chaka, kufika za mmisiri amene amaboola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Zonsezo zimavala mtundu umodzi ndi dzina limodzi. Sitolo yaikulu imadziwa kuti ogula ake ambiri ndi eni nyumba, choncho pakhomo penipeni, pomwe aliyense adutsa, imaunjika zida za pansi pa mndandandawo. Sitolo ya amisiri imasunga za pamwamba. Munthu akayerekeza ziwirizi amaona kusiyana kwenikweni, koma amalakwitsa chifukwa chake. Wayerekeza zida ziwiri zosiyana nambala.

Taonani DeWalt DCD771 ndi DCD996. Zonse n'zachikasu, zonse zimalandira batire lofanana. Yoyambayo ili ndi mota ya mabulashi ndi magiya a liwiro la mitundu iwiri. Yachiwiriyo ilibe mabulashi, ili ndi liwiro la mitundu itatu, chaki chachitsulo chokhachokha, komanso imamenya poboola khoma. Ku Makita, DHP453 imapotoza ndi mphamvu ya 42 Nm, pamene DHP481 imafika 115 Nm. Bosch ndiyo inachita chilungamo poyera: zida zobiriwira n'za pakhomo, zabuluu n'za amisiri. Makita nayo ili ndi gulu lotsika mtengo limene kale linkatchedwa Maktec, tsopano limalembedwa MT.

Chida cha pakhomo chikapatsidwa ntchito ya kontirakiti, mapeto ake amadziwika. Girayinda yaing'ono yopangidwira kudula ndodo ziwiri zitatu ikagwa m'manja mwa wowotcherera mafelemu a mawindo tsiku lonse, imayamba kutentha mpaka kusagwirika, m'timipata ta kumbuyo mumaoneka moto wabuluu ukuthetheka, kenako pamabwera fungo la vanishi wopserera. Ikatero ndiye kuti amecha, gawo lozungulira la m'kati mwa mota, yapita. Mwini wake amatukwana sitolo, chonsecho girayindayo inasenzetsedwa katundu wosakhala wake. N'chimodzimodzi kukweza matumba asanu a chimanga pa njinga ya mwana wasukulu, sipoko zikathyoka n'kumanena kuti wogulitsa njinga ndi wakuba.

Kodi m'kati mwa chida chotchipa ndi chodula mumasiyana chiyani kwenikweni?

Poyamba ndi mota. Ya mabulashi imadalira timakala tiwiri timene timakhuza pa amecha ikamazungulira. Timatha, timatenthetsa mota, ndipo timadya mphamvu ina ya batire. Mota yopanda mabulashi imayendetsedwa ndi kabolodi ka zamagetsi, simatentha kwambiri, ndipo batire limakhalitsa. Komabe ndinene pano kuti kwa munthu wokhala kutali ndi masitolo, mota ya mabulashi ili ndi ubwino umene ogulitsa sautchula: mabulashi akatha mumagula ena pa ndalama yochepa n'kusintha nokha, pamene kabolodi kaja kakapsa kawirikawiri mtengo wake umayandikira wa chida chatsopano.

Kenako pali tinthu timene maso saona. Chida chodula chimakhala ndi mabeyaringi enieni pamene chotchipa chili ndi kabushi chabe, nyumba ya magiya yachitsulo m'malo mwa pulasitiki, waya wa m'mota wopakidwa zoteteza ku fumbi la chitsulo, ndi siwichi yotsekeka bwino kuti fumbi la simenti lisalowe. Chingwe cha chida cha amisiri chimakhala cha labala wofewa, chachitali. Cha pakhomo chimakhala cha pulasitiki wouma, chachifupi, ndipo chimayamba kung'aluka pomwe chalowera m'chigwiriro.

Pulasitiki payokha si chizindikiro cha chinyengo. Zida zodula kwambiri nazo matupi ake ndi apulasitiki wosakaniza ndi ulusi wagalasi, chifukwa ndi wopepuka ndipo magetsi sadutsamo.

Nanga maphukusi otsika mtengo aja, a zida zitatu kapena zinayi m'chikwama chimodzi, amatheka bwanji?

Amatheka chifukwa cha batire. Pa zida zopanda chingwe, batire ndilo limadya ndalama zambiri, ndiye wopanga phukusi amaikamo laling'ono. Kukula kwa batire kumalembedwa ndi zilembo za Ah. La 1.5 Ah limasunga mphamvu yosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a la 5 Ah, ndipo likapanikizidwa ndi ntchito yolemera limafooka msanga, chida chabwinobwino n'kumaoneka ngati chaulesi. Zimenezi sizobisika, zili pa katoni. Pa DeWalt, nambala ikathera ndi D2 ndiye kuti muli mabatire awiri a 2 Ah, M2 ndi awiri a 4 Ah, P2 ndi awiri a 5 Ah. Ikathera ndi N ku Britain, kapena B ku America, muli chida chokha popanda batire kapena chaja. Pa Makita chilembo cha chida chopanda batire ndi Z. Ambiri amatumizira abale awo dirilo yotere poona kutchipa, wolandirayo n'kupeza kuti alibe choiyendetsera.

M'maphukusi akuluakulu mumakhalanso chizolowezi choika dirilo yabwino kutsogolo, koma sowo ndi girayinda zotsagana nayo zili za gulu lotsika. Werengani nambala ya chida chilichonse pachokha.

Kodi mayina amene amapezeka m'masitolo a kampani imodzi yokha, monga Kobalt, Husky kapena Erbauer, ndi odalirika?

Amenewa ndi mayina a eni sitolo. Husky ndi ya Home Depot, Kobalt ya Lowe's, Erbauer, Titan ndi Mac Allister ndi a Kingfisher, Dexter ndi ya Leroy Merlin, ndipo Parkside ndi ya Lidl. Masitolowa alibe mafakitale a zida. Amalemba zimene akufuna ndi mtengo umene angalipire, n'kupereka ntchitoyo kwa opanga zida. Zida za mabatire a 24V za Kobalt, mwachitsanzo, zimapangidwa ndi Chervon, kampani ya ku China imene ilinso mwini wa Skil ndi EGO.

Ngakhale mayina otchuka ali m'manja mwa makampani ochepa. Stanley Black & Decker, imene inapangidwa pophatikiza makampani awiri mu 2010, ndi mwini wa DeWalt, Black+Decker, Stanley, Irwin ndi Craftsman. Techtronic Industries ya ku Hong Kong inagula Milwaukee mu 2005, ndipo ndiyo imapanga zida za Ryobi zogulitsidwa ku America, ku Ulaya ndi ku Australia, komanso zida zamagetsi za Ridgid za ku Home Depot. Koma musafulumire kunena kuti Ryobi ndi Milwaukee yongosintha penti. Kampani imodzi imapanga mwadala zida za magulu osiyana kuti igwire ogula onse, wa ndalama zochepa ndi wa zambiri.

Vuto lalikulu la mayina a eni sitolo si kufooka. Ambiri amagwira ntchito bwino pa mtengo wake. Vuto ndi masipeya ndi mabatire. Chida cha dzina lopezeka m'sitolo imodzi ya ku Manchester chikafera ku Mzuzu kapena ku Chipata, palibe kokagula siwichi yake.

Kodi masitolo aakulu sakakamiza opanga zida kuti atsitse mtengo, ubwino n'kutsika nawo?

Amawakakamizadi, ndipo mbali imeneyi ya mphekeserayi ndi yoona. Sitolo yogula zida mamiliyoni ili ndi mphamvu youza wopanga kuti ikufuna dirilo ya mtengo wakutiwakuti. Wopangayo amakonza chida chatsopano chokwana mu mtengowo, n'kuchipatsa nambala yakeyake. John Deere, yodziwika ndi mathirakitala, inachita zotero ndi makina okwera otchetchera kapinga: gulu lotsika, lopangidwira ku Greeneville ku Tennessee, limagulitsidwa ku Home Depot ndi ku Lowe's, pamene magulu olimba kwambiri amapezeka kwa ogulitsa ake okhaokha. Koma makina a gulu lotsikawo mukawagula kwa wogulitsa wa John Deere ndi omwewo, sasintha.

Ena anakana. Kampani ya Simplicity itagula Snapper mu 2002, mkulu wa Simplicity, Jim Wier, anasiya kugulitsa makina otchetchera kapinga a Snapper m'masitolo a Walmart, poona kuti kutsitsa mtengo chaka ndi chaka kukanawononga ubwino wa makinawo ndi dzina lawo. Walmart yomweyo ndiyo inagula magawo 51 pa 100 a Massmart mu 2011 n'kumaliza otsalawo mu 2022, kotero ndiyo mwini wa Builders. Stihl, yopanga makina ochekera mitengo, ku America imagulitsa kudzera mwa ogulitsa amene amathanso kukonza makinawo, ndipo ku Home Depot kapena ku Lowe's simuipeza. Ine ndimaona kuti choipa chenicheni cha masitolo aakulu n'chimenechi: atizoloweretsa kuyang'ana dzina ndi mtengo, ndipo wogulitsa wa m'menemo kawirikawiri sakufunsa kuti chidacho ukagwiritsa ntchito yanji.

Pa chida changa palembedwa kuti chinapangidwa ku China. Kodi ndiye kuti n'chachabechabe?

Ayi. Makita ili ndi mafakitale ku Japan, ku China, ku Romania, ku Thailand ndi ku Telford ku Britain. Bosch imapanga zida zake zabuluu ku Germany, ku Hungary, ku Malaysia ndi ku China. Fakitale imapanga molingana ndi zimene woitanitsa walemba ndi ndalama zimene walipira. Kubwezera ntchito yopanga zida ku America nako sikophweka. Stanley Black & Decker itagula Craftsman kwa Sears mu 2017, inalengeza mu 2019 zomanga fakitale ku Fort Worth ku Texas kuti masipanala azipangidwanso ku America. Mu 2023 inalengeza kuti ikuitseka.

Kodi dirilo ya 20V ya ku America ndi yamphamvu kuposa ya 18V ya ku Britain kapena ku South Africa?

Ndi imodzimodzi. M'batire muli timabatire tisanu tolumikizidwa motsatizana. Kalikonse kamapereka 3.6V pa ntchito, zonse pamodzi 18V, koma kakangochoka pa chaja kamafika 4V, zonse pamodzi 20V. DeWalt ku America imalemba 20V MAX, ku Ulaya imalemba 18V. Koma mukaona kadirilo kopepuka kolembedwa 98V kapena 128V, dziwani kuti nambalayo n'njongokopera ogula. Batire lokwana m'dzanja limenelo silingafike pamenepo.

Nanga zida zamanja ndi zinthu zotha ngati madisiki ndi mabiti?

Pa masipanala, mapulayazi ndi nyundo, kusiyana pakati pa zapakati ndi zodula kwambiri n'kochepa kusiyana ndi pa zida zamagetsi. Sipanala ya chitsulo cha Cr-V ya dzina la eni sitolo imatha kugwira ntchito zaka zambiri. Zopewa ndi zija zotchipitsitsa zimene kukamwa kwake kumayasamuka n'kumabulungitsa mutu wa bawuti. Wogwira zamagetsi yekha asanyengerere: sikuludiraiva yake ikhale yolembedwa 1000V ndi nambala ya muyezo ya IEC 60900, chifukwa chigwiriro chofiira pachokha sichiteteza munthu.

Pa madisiki a girayinda ndiye ndimalimbikira kwambiri, popeza apa nkhani si ya ndalama koma ya maso ndi nkhope. Disiki ya 115 mm imaloledwa kuzungulira mpaka maulendo 13,300 pa mphindi, ya 230 mm maulendo 6,600 okha. Kuchotsa chotchinga n'kuika disiki yaikulu pa girayinda yaing'ono ndiko kuizunguza mopitirira malire ake, ndipo ikasweka zidutswa zake zimauluka ngati zipolopolo. Disiki yabwino imalembedwa EN 12413, ndipo pa kamkombero kachitsulo ka pakati pamadindidwa mwezi ndi chaka chimene iyenera kusiya kugwiritsidwa ntchito, kawirikawiri zaka zitatu chipangidwire, chifukwa guluu wogwira mchenga wake amafooka ndi nthawi komanso chinyezi. Anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti disiki imatha nthawi. Apa sitolo yaikulu ili ndi ubwino, poti katundu wake amayenda msanga ndipo sagonera zaka pa shelefu.

Biti yabwino pa dirilo yapakati imaboola bwino kuposa biti yobuntha pa dirilo yodula. Ndipo ngati ntchito yanu ndi ya konkire, dirilo yomenya wamba idzakutopetsani ngakhale ikhale ya dzina lotani. Pamafunika ya mtundu wa SDS, umene Bosch inayambitsa mu 1975.

Ndikufuna kugula chida kunja kuti chikagwire ntchito kumudzi. Ndisamale chiyani?

Choyamba ndi magetsi. Ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain magetsi a m'nyumba ndi 230V. Ku America ndi 120V. Chida cha chingwe cha ku Home Depot mukachilumikiza ku magetsi a ESCOM popanda thiransifoma chimapsa nthawi yomweyo, ndipo machaja ambiri a mabatire a ku America nawo amalandira 120V yokha. Dirilo ndi batire lake zilibe vuto, chosowa ndi chaja ya 230V ya dzina lomwelo. Ku Britain kulinso msampha wina: pa malo omangapo nyumba amagwiritsa ntchito zida za 110V, zodziwika ndi pulagi yachikasu yozungulira, ndipo zimagulitsidwa moyandikana ndi za 230V. Za ku South Africa zimangofuna kusintha pulagi, kuchoka ku ya mano ozungulira kupita ku ya mano amakona.

Chachiwiri ndi ulendo. Pa ndege, mabatire apadera saloledwa m'sutukesi yopita pansi, amayenera kukhala m'chikwama cha m'manja, ndipo osapitirira 100 Wh ndiwo amadutsa popanda chilolezo chapadera. Batire la 18V la 5 Ah ndi 90 Wh, ndiye limakwana.

Chachitatu ndi waranti. Kawirikawiri imagwira ntchito m'dziko kapena m'chigawo chimene munagula, ndipo zaka zowonjezera zimafuna kuti mulembetse chidacho pa intaneti pasanathe milungu yochepa. Pa zida zambiri za pakhomo, waranti imafa mukazigwiritsa ntchito ya malonda.

Ndiye kuli bwino kugula m'sitolo yaikulu kapena kwa wogulitsa wamng'ono?

Sitolo yaikulu imaoda kwa opanga zida mwachindunji ndipo imapereka lisiti, choncho mwayi wogula Makita yabodza kumeneko ndi wochepa kwambiri. Zida zabodza, makamaka mabatire opanda zoteteza kutentha, zimayenda kwambiri m'misika ndi pa masamba a malonda a pa intaneti, pomwe dzina lalikulu limagulitsidwa pa mtengo wosamveka. Wogulitsa wamng'ono wovomerezeka ndi kampani ali ndi zake zimene sitolo yaikulu ilibe: amadziwa zidazo, amasunga za gulu lapamwamba, ndipo chida chikafa amachitsegula m'malo mongoti mugule china.

Kwa munthu wokhoma makatani ndi kukonza chitseko mwa apo ndi apo, chida cha gulu lotsika cha m'sitolo yaikulu n'chokwanira, ndipo kugula cha amisiri n'kungotaya ndalama. Kwa kalipentala, wowotcherera kapena pulambala amene chakudya cha ana ake chimachokera pa chidacho, sitolo iliyonse ili bwino malinga nambala ikhale ya gulu la amisiri. Asanapereke ndalama alembe nambalayo papepala, apite nayo kwa wokonza zida wa m'tauni yakwawo, amufunse ngati mabulashi, siwichi ndi amecha ya nambala imeneyo zimapezeka komanso pa mtengo wanji.